Mmene mungagwiritsire ntchito machenjezo a aneneri pa moyo wachikhristu lero

Musanatenge vesi ya Hoseya, Amosi kapena Yeremiya kukaphunzitsa ku mlaga kapena ku mphakati, yambani mwafufuza kuti mawuwo ankauza yani. Aneneri anadzudzula ndithu mitundu yoyandikana ndi Israeli, koma machenjezo onena za kusakhulupirika ankapita kwa anthu a pangano, amene ankapereka nsembe ndi kusunga masiku a zikondwerero. Choncho pamene palembedwa Israeli kapena Yuda, ganizirani za mpingo wanu ndi banja lanu, osati za mnansi amene sapemphera.

Werengani chaputala chonse, ndipo dziwani nthawi imene mneneriyo analankhula. Amosi, woweta nkhosa wa ku Tekowa, analalikira ku Beteli m'masiku a mfumu Yerobowamu wachiwiri, dziko lili pa mtendere ndiponso malonda akuyenda bwino, koma mu 722 Khristu asanabadwe mzinda wa Samariya unagwa m'manja mwa Asiriya. Yeremiya naye anaima pa chipata cha Kachisi n'kuuza opembedza kuti nyumbayo sidzawatchinjiriza ngati apitiriza kuba, kuchita chigololo ndi kupondereza ana amasiye (Yeremiya 7), ndipo Ababulo anadzaitentha.

Kenako tchulani tchimolo ndi dzina lake, chifukwa aneneri sankalankhula mozungulira. Pa Amosi 8:4-6 akudzudzula amalonda amene ankaona ngati Sabata likuchedwa kutha, amene ankachepetsa muyeso, kukweza mtengo ndi kugulitsa tirigu wosakaniza ndi mungu. Mkhristu amene amagulitsa mumsika waukulu wa Zomba kapena pa Songani, ngakhalenso amene amagula mpunga kwa alimi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ayenera kuyang'ana sikelo yake ndi chigoba chake asanayang'ane za wina. Malaki 3:5 akuika wobera wantchito malipiro ake pa mndandanda umodzi ndi anyanga ndi achigololo, ndipo izi zikukhudza aliyense amene amazengereza kulipira waganyu kapena mtsikana wantchito pakhomo, chonsecho chakhumi amapereka mwezi ndi mwezi. Ine ndimaona kuti apa m'pamene ambiri timathawa, chifukwa kulankhula za chiweruzo cha dziko lonse n'kopepuka kuyerekeza ndi kuwerengera ndalama zimene tinadyera munthu wosauka pa katapila.

Za mafano muziwerenge mosamala. Pa Hoseya 2, Aisraeli sanaleke kutchula dzina la Yehova, koma ankakhulupirira kuti tirigu, vinyo ndi mafuta zimachokera kwa Baala, n'chifukwa chake Mulungu anafanizira khalidwe lawo ndi la Gomeri, mkazi wosakhulupirika wa mneneriyo. Dzifunseni kumene mumathamangira geni ikasokonekera kapena mwana akadwala, ndiponso ngati m'thumba mwanu mulibe chithumwa pamene mukuimba kwaya Lamulungu. Kusakhulupirika kwa m'banja nako Malaki 2:14 akukutchula poyera, ponena kuti Mulungu ndiye mboni pakati pa mwamuna ndi mkazi wa ubwana wake.

Pali chinthu chimene simuyenera kuchita. Namondwe wa Freddy atawononga madera a m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, zinali zosavuta kuloza ovutikawo chala n'kunena kuti Mulungu wawalanga. Aneneri ankatero chifukwa Mulungu anawauza mwachindunji, pamene inu ndi ine sanatiuze. Pa Luka 13:1-5, Yesu anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anauza omvera ake kuti alape iwowo. Yeremiya 18:7-8 akuonetsanso kuti chenjezo limasiya khomo lotsekula, popeza mtundu ukatembenuka Mulungu amaleka choipa chimene ananena.

Ngati chenjezo likukhudza mbale wanu, kapena mtsogoleri wonga abusa a pa Ezekieli 34 amene ankadzidyetsa okha n'kusiya nkhosa, tsatani Mateyu 18:15-17: mukaonane naye panokha, akakana mutenge mboni imodzi kapena ziwiri, ndipo pomaliza nkhaniyo ipite kwa akulu a mpingo, osati pa Facebook.

Pa zimene zakukhudzani inuyo, musalekere pa pemphero lolapa lokha. Lembani zimene muyenera kukonza ndi tsiku limene mudzakonzere, kaya ndi kusintha sikelo, kuthetsa chibwenzi chamseri kapena kubweza ndalama monga anachitira Zakeyu, ndipo muuze Mkhristu mnzanu wokhwima m'chikhulupiriro kuti adzakufunseni pakatha mwezi.