Mukakumana ndi woyimba wotchuka kuseri kwa siteji

Anzanga oyimba magitala a rock mu Lilongwe muno, mukaitanidwa kukatsegulira shoo ya woyimba wamkulu ku Bingu International Convention Centre (BICC) kapena ku Lilongwe Golf Club, chonde musathamangire kujambulitsa naye. Asanakwere pa siteji, mtima wake umakhala m'mwamba ngati wanu womwe. Mpatseni moni, mumusiye apume.

Chezani ndi woyimba ng'oma ndi wa bezi a gulu lakelo, komanso woyendetsa zokuzira mawu. Ine ntchito zambiri zoyimbira anthu otchuka zinandipeza kudzera mwa amenewa, chifukwa wa gitala akasowa, ndi iwowo amafunsidwa kuti atchule dzina.

Fikani msanga, nsambo zapadera zili m'chikwama. Ndipo musanatumizire aliyense nyimbo yanu pa WhatsApp, yambani mwailembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso m'Malawi muno.