Tsiku Likakuvutani pa Bizinesi, Musagamule Nkhani Mtima Uli M'mwamba

Mwini bizinesi yaing'ono amasenza yekha ntchito zimene m'kampani yaikulu zimagawidwa kwa anthu ambiri: ndiye wooda katundu, wogulitsa, wosunga ndalama komanso wolandira madandaulo. Choncho tsiku limene katundu wachedwa kufika, wangongole wazemba, wantchito wajomba ndipo kasitomala wina walankhula mwachipongwe, zonsezo zimagwera munthu mmodzi, ndipo zimene angachite asanatseke n'zimene zingachititse kuti vutolo lithere pomwepo kapena libale mavuto ena.

Musapange chiganizo chachikulu tsiku lomwelo. Munthu akapsa mtima kapena akachita mantha, thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, amene amathamangitsa mtima ndi kukonzekeretsa thupi kumenyana kapena kuthawa, ndipo pa nthawi yotereyo ubongo umangoona zoopsa, suwerengera bwino phindu ndi kutaya. Kuchotsa wantchito, kutsitsa mitengo mopupuluma, kusiyana ndi munthu amene wakhala akukupatsani katundu kwa zaka zambiri, kapena kuyankha kasitomala mwaukali pa WhatsApp, zonsezi zidikire mawa. Uthenga wolembedwa ndi mkwiyo anthu amaujambula n'kuutumizirana, ndipo ungaipitse mbiri yanu kuposa mmene kasitomalayo akanaiipitsira yekha. M'malo mwake chokani kaye pamalopo kwa mphindi zingapo, n'kumapuma pang'onopang'ono, mukutulutsa mpweya nthawi yotalikirapo kuposa imene mwaukokera m'kati, chifukwa kapumidwe kotere kamachepetsa kugunda kwa mtima.

Chimene ndimalimbikitsa kwambiri, ngakhale kuti ambiri amachizemba tsiku likaipa, ndi kutsegula buku la malonda musanapite kunyumba. Mtima wokhumudwa umathamangira kunena kuti bizinesi yagwa, pamene buku limasonyeza ndalama zenizeni zimene zalowa, zimene zatuluka, ndi ngongole zimene zili kunja. Yerekezani zalero ndi za tsiku ngati lomweli sabata yatha, kenako ndi za mwezi wonse, pakuti malonda sayezedwa ndi tsiku limodzi. Bukulo lidzakuuzaninso ngati zimene zachitikazo ndi ngozi chabe kapena ndi chizolowezi. Ngati katundu amachedwa mwezi uliwonse, limenelo si tsoka, koma chizindikiro chakuti mufunika kukhala ndi malo ena oodako. Ngati angongole ndiwo amakupweteketsani mutu kawirikawiri, ikani malire a ngongole ndi tsiku lobwezera, ndipo muzilemba wotengayo akuona. Musatapenso mpamba kuti mukadzitonthoze nawo, chifukwa mawa mudzadzuka ndi mavuto awiri.

Mukatero, lembani chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mudzayambire m'mawa. Zimene simungazisinthe, monga kukwera kwa mitengo kumene mumaodako, zisadye nthawi yanu usiku.

Tulo ndi mbali ya ntchito. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo khofi wamadzulo amasokoneza zimenezi chifukwa theka la caffeine, chinthu cha mu khofi chimene chimathawitsa tulo, limakhalabe m'thupi patapita maola pafupifupi 5. Mowa nawonso umagoneka msanga koma umadula tulo pakati pa usiku. Ndi bwino kuuzako munthu amene mumamukhulupirira, makamaka mnzanu wa bizinesi, m'malo mokatulira mkwiyo pa a m'banja amene sanalakwe kanthu.

Tsiku loipa limasiyana ndi kutopa kokhalitsa. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linafotokoza kuti kutopa kobwera chifukwa cha nkhawa ya pantchito yosathetsedwa kumadziwika ndi kutha mphamvu, kuipidwa ndi ntchitoyo, ndi kulephera kuigwira bwino ngati kale. Zizindikiro zimenezi zikakhala kwa milungu ingapo, makamaka zikaphatikizana ndi kusowa tulo, mutu wosatha kapena kusafuna kudya, pitani kuchipatala mukaonane ndi dokotala, ndipo pezani wokugwirirani bizinesi tsiku limodzi pa sabata kuti mupume.