Kayezedwe ka kupirira kwa mitundu ya tchana ku anankafumbwe

Anankafumbwe amene amawononga tchana chosungidwa ndi a gulu la Callosobruchus, makamaka C. chinensis ndi C. maculatus, omwe amafumbwitsanso khobwe ndi nandolo. Wamkazi amamata mazira pakhungu la njere, mphutsi ikaswa imaboola n'kulowa mkati momwe imadya mpaka kukhwima, ndipo kukamatentha pafupifupi madigiri 30, nankafumbwe watsopano amatuluka pakabowo kozungulira pakatha milungu itatu kapena inayi. Mtundu wopirira ndi umene umalepheretsa mphutsi zambiri kufika potuluka.

Yambani ndi kuyanika njere za mitundu yonse mofanana, chifukwa njere yachinyezi ndi yofewa ndipo ingachititse kuti mtundu wabwino uoneke ngati wosapirira. Kenako ziikeni mufiriji yoziziritsa kwambiri kwa sabata imodzi kuti mazira ndi mphutsi zochokera kumunda zife, ndipo mukazitulutsa zisiyeni masiku angapo zisanayesedwe. Werengani njere 100 za mtundu uliwonse, muziike pasikelo n'kulemba kulemera kwake, muzithire m'botolo lagalasi lomwe kukamwa kwake mwamangako kansalu kopyapyala kolowetsa mpweya. Mtundu uliwonse ukhale ndi mabotolo atatu kapena anayi, pakuti botolo limodzi likhoza kukunamizani.

M'botolo lililonse ikanimo anankafumbwe ongotuluka kumene, aakazi asanu ndi aamuna asanu, ndipo muwachotse pakatha masiku 7. Apa mudzaona timazira toyera, tating'ono kwambiri, tomamatira pakhungu la njere. Tiwerengeni, koma musathamangire kuweruza, chifukwa mtundu wina umaikiridwa mazira ambiri pamene mphutsi zake zambiri zimafera pakhungu kapena mkati. Chofunika kwenikweni ndi chiwerengero cha otuluka. Kuyambira sabata yachitatu, tsegulani mabotolo tsiku lililonse, werengani anankafumbwe atsopano, muwachotse asanaikirenso mazira, ndipo mulembe tsiku limene atulukira. Akasiya kutuluka, sefani ufa, muikenso njere pasikelo, muwerenge zobooka, kenako mufese zina kuti muone ngati zingamere. Mtundu umene watulutsa ochepa, mochedwa, komanso njere zake sizinataye kulemera kwambiri, ndiwo wopirira.

Ena amaika mitundu yonse m'chotengera chimodzi kuti tizilombo tisankhe tokha. Njira imeneyi imaonetsa mtundu umene tizilomboto timaukonda, koma siyokwanira payokha, popeza m'thumba la mtundu umodzi nankafumbwe alibe chosankha ndipo amaikira pa chimene wachipeza.

Kawirikawiri tchana cha desi, chomwe njere zake ndi zazing'ono, zoderapo, zamakwinya komanso zochindikala khungu, chimapirirako kuposa cha kabuli cha njere zazikulu, zoyererako, zosalala ndi zopyapyala khungu. Mabungwe ofufuza zaulimi a ICRISAT ndi ICARDA amasunga mitundu yambirimbiri ya tchana yomwe ofufuza amayesa pofunafuna khalidwe limeneli. Komabe ngakhale mtundu wopirira umafumbwa ukakhalitsa, choncho zotsatira zanu zikuthandizeni kusankha choyamba kugulitsa kapena kudya ndi choyenera kusungidwa nthawi yaitali. Chosungidwacho chiumitseni bwino n'kuchitsekera m'chotengera chosalowa mpweya, monga matumba a PICS, momwe tizilombo timafa chifukwa chosowa mpweya wopuma.