Kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala opaka a ululu wa minofu ndi mitsempha

Musanatsegule chubu, dziwani kaye kuti ululu wanu ndi wa mtundu uti, chifukwa mankhwala a minofu sathandiza pa ululu wa mitsempha. Ululu wa minofu umabwera mukalima tsiku lonse, mukanyamula thumba la feteleza kapena mukabinya mwendo. Umakula mukasuntha chiwalocho, ndipo mukadina pamalopo pamawawa. Wa mitsempha umatentha, umabaya, umabwera ndi dzanzi, ndipo umavuta kwambiri usiku, makamaka kumapazi. Umakonda anthu odwala shuga, amene ali ndi HIV, omwa mowa kwambiri, amene akumwa isoniazid wa TB, ndiponso amene adadwalapo mashingozi.

Pa minofu ndi mfundo zotupa, dokotala amakonda kulemba diclofenac gel wa 1%. Mlingo wa munthu wamkulu ndi magalamu 2 mpaka 4, katatu kapena kanayi pa tsiku. Poti kunyumba kulibe sikelo, yezani ndi chala: mukafinyira mankhwala kuchokera kunsonga ya chala cholozera mpaka pamzere woyamba, amenewo ndi pafupifupi theka la galamu. Choncho bondo lifuna zala zinayi kapena kuposerapo pang'ono. Pakani pakhungu louma, sisitani pang'onopang'ono mpaka alowe, kenako sambani m'manja. Musamange pamalopo ndi pulasitiki kapena bandeji yothina. Pakatha masiku 7 osasintha, bwererani ku kiliniki.

Diclofenac amaloŵa pang'ono m'magazi ngakhale ali wopaka. Mayi wapakati asapake m'miyezi itatu yomaliza. Amene chifuwa cha mphumu chimamuyamba akamwa aspirin asamuyese n'komwe, ndipo wodwala impso kapena amene akumwa kale mapiritsi a diclofenac kapena ibuprofen anene kwa dokotala.

Mafuta otenthetsa a methyl salicylate, monga Deep Heat, amagulidwa popanda pepala la dokotala, koma nawonso amavulaza. Mukapaka, musathowe ndi madzi otentha kapena kuyandikiza mwendo pa mbaula, chifukwa khungu limapsa mpaka matuza. Amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, awapewe, poti amaonjezera kutaya magazi.

Pa mitsempha pali capsaicin, wochokera ku tsabola. Wa 0.075% ndiye wa ululu wotsala mashingozi akapola ndi wa mapazi a odwala shuga, wa 0.025% ndi wa nyamakazi ya m'mfundo. Tengani kachidutswa kofanana ndi njere ya chimanga, pakani katatu kapena kanayi pa tsiku, pazidutsa maola 4 kapena kuposerapo musanapakenso. Masiku oyamba amatentha kwambiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya chubu poganiza kuti mankhwala awakana. Kutenthako kumachepa mukamapaka mosadumphitsa, chifukwa mankhwalawa amafooketsa pang'onopang'ono nsonga za mitsempha yonyamula ululu. Mpumulo weniweni umayamba pakatha milungu 2 mpaka 4. Wopaka tsiku limodzi n'kusiya masiku atatu amangopsa chabe osapindula kanthu. Musapake mutangotuluka kumene kosamba madzi otentha. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire m'maso, kumaliseche kapena mwana. Ngati mukupaka manja enieniwo, dikirani mphindi 30 musanasambe.

Lidocaine wa 5% amabwera ngati pulasitala womata. Amamatidwa maola 12, n'kuchotsedwa maola 12, osapitirira atatu nthawi imodzi. Iyeyu ndi capsaicin sapezeka m'famase iliyonse kuno ku Chipata, ndipo nthawi zambiri dokotala amapereka mapiritsi a amitriptyline m'malo mwake. Ngati dzanzi layamba muli pa mankhwala a TB, funsani za pyridoxine, amene ndi vitamini B6, koma musasiye mankhwala a TB panokha.

Mankhwala onsewa sapakidwa pabala, pachilonda kapena pamatuza a mashingozi amene sanaume. Matuza akangotuluka, chofunika ndi mapiritsi a aciclovir, amene amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 72. Wodwala shuga aziona pansi pa mapazi ndi pakati pa zala asanapake, chifukwa phazi la dzanzi limatha kukhala ndi munga kapena chilonda mwini wake osadziwa.

Gulani ku famase yovomerezedwa ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala muno mu Zambia, ndipo onani tsiku lothera mphamvu pa chubu. Machubu a betamethasone ndi clobetasol ogulitsidwa pamsika sachotsa ululu. Amangopyapyalitsa khungu mukawagwiritsa ntchito nthawi yaitali.

Pali ululu wina wosafunika kupaka chilichonse. Msana ukamawawa limodzi ndi kufooka kwa miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo, kapena katumba wa mwendo umodzi akatupa n'kutentha, musasisite. Pitani tsiku lomwelo ku Chipata Central Hospital, ku Mwami, ku St Francis ku Katete kapena kuchipatala chimene muli nacho pafupi, mutanyamula mankhwala onse amene mukumwa ndi kupaka.