Kuika makava pa mipando ya Hilux ndi Land Cruiser

Musanagule makava, yang'anani m'mbali mwa chotsamira msana, kumbali ya chitseko. Mukaona kachikwangwani kolembedwa kuti SRS AIRBAG, ndiye kuti airbag, thumba la mpweya loteteza munthu pa ngozi, ili mkati mwa mpandowo, ndipo pa ngozi imatulukira pa msoko wa mbali imeneyo. Ma Hilux ambiri atsopano ali nayo. Kava wa mpando woterewu ayenera kukhala ndi msoko wopangidwa dala kuti uzing'ambika. Matelala athu amasoka makava a kanvasi olimba bwino, koma kulimba komweko ndiye vuto pa malo amenewa, chifukwa ulusi wokhuthala ukhoza kutsekereza airbag kapena kuitembenuzira kwina. Pa chifukwa chomwechi musasinthanitse kava wa dalaivala ndi wa mpando winawo.

Yambani ndi kuchotsa fumbi ndi mchenga wonse, makamaka pomwe pokhalira pakumana ndi chotsamira. Mchenga ukatsalira pansi pa kava umadya nsalu ya mpando nthawi zonse pamene galimoto ikugwedezeka, ndipo mumadzazindikira mpando utabooka kale. Mpando ukhalenso wouma, apo ayi uchita chuku. Kanvasi yatsopano imakhala youma gwa, choncho iyanikeni padzuwa mphindi 20 kapena 30 kuti ifewe.

Chotsani chotsamira mutu podina kabatani kali patsinde pa chitsulo chake. Vekani kava wa chotsamira msana kuchokera pamwamba, mukukokera pansi mbali zonse ziwiri mofanana, misoko yake igone pa misoko ya mpando. Timapulasitiki tolowetsamo zitsulo za chotsamira mutu titulukire pamwamba pa nsalu. Kenako pendeketsani mpando, mukankhe lilime la kava pampata wa pakati mpaka litulukire kumbuyo, ndi kulimata.

Pansi pa mpando ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kankhirani mpando kutsogolo, muunike ndi tochi. Malamba a kava adutse pamwamba pa chitsulo chosunthira mpando, ndipo asakhudze njanji zake, chifukwa lamba wopanidwa pa njanji amalepheretsa mpando kudziloka, n'kumatsetsereka mukaponda buleki. Ngowe zikoleni pa chitsulo cha mpando kapena pa masipuling'i, osati pa mawaya. Mapulagi achikasu ndi a airbag: musawakoke ndipo musawazule. Pulagi yotere ikakhwepa, nyali ya airbag imayaka pa dashibodi, ndipo nthawi zina pamafunika makina a kugalaja kuti izime. Mangani malamba pang'onopang'ono mosinthanasinthana. Mukamaliziratu mbali imodzi, kava amapotoka.

Pa mipando ya kumbuyo ntchito ndi yomweyo, bola zomangira malamba onse a anthu okwera zitulukire kunja, komanso zitsulo za ISOFIX zomangirapo mpando wa mwana zisakwiririke. Ngati pakufunika kuboola, chongani kaye ndi choko kava ali pampando, mudule kabowo kakang'ono, telala apinde m'mbali mwake kuti pasamasuke.

Pomaliza sunthani mpando mpaka kutsogolo ndi kumbuyo, mumve kuti ukudziloka, muyatse galimoto muone ngati nyali ya airbag ikuzima. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mangitsaninso malamba chifukwa nsalu imakhala itatamuka. Pochapa gwiritsani ntchito madzi ozizira ndi burashi yofewa. Madzi otentha amafinyikitsa kanvasi moti singalowenso pampando.