Kusoka Zigamba Zozungulira pa Chofunda cha Zigamba

Chigamba chozungulira chimavuta chifukwa mbali zambiri za m'mphepete mwake mwadulidwa mopingasa ulusi wa nsalu, ndiye zimatanuka mukamapinda ndi zala. Mukamapinda mpendero uku mukusoka, chigamba chimatuluka ndi timakona. Njira yodalirika ndi kuchiumba kaye pa katoni ndi simbi, singano yosokera ibwere pambuyo.

Yambani ndi kuchapa nsalu zonse. Chitenje chatsopano chimakhala ndi sitachi, chimatha kutaya utoto, komanso nsalu ya thonje imachepa ikachapidwa koyamba. Mukasoka chosachapa pa nsalu yoyera, tsiku lochapa chofunda utoto udzathimbiriza poyerapo.

Tiyerekeze kuti chidutswa chilichonse cha makona anayi chidzakhala masentimita 20 chikalumikizidwa, ndipo chigamba cha pakati pake masentimita 14. Nsalu ya pansi, yomwe chigamba chidzasokeredwapo, dulani masentimita 23, chifukwa kusoka kumaikoka pang'ono. Mudzaidula bwino pomaliza.

Lembani chozungulira cha masentimita 14 m'mimba mwake pa katoni yopyapyala koma yolimba, ndi kampasi kapena sosa wa kapu. Dulani mosamala, ndipo pomwe sizasi yasiya kanyanga palani ndi sandipepa, pakuti chilema chilichonse cha katoni chidzaoneka pa nsalu. Ikani katoniyo kuseri kwa chitenje, lembani ndi pensulo, nkudula mamilimita 6 kunja kwa mzerewo.

Apa ndi pofunika kudekha. Sokani timisoko tating'ono tolowa ndi kutuluka kuzungulira mpendero wonse, pafupifupi mamilimita 3 kuchokera m'mphepete, ndi ulusi wolimba. Ikani katoni pakati, kokani ulusi kuti mpendero ukumbatire katoniyo. Timisoko tikatalika, makwinya amakula ndipo ndiwo amabala makona aja. Yalani makwinyawo ndi chala kuti afanane kuzungulira konse. Pakani sitachi pang'ono pa mpendero wokha. Madzi owiritsa ndi kaufa ka chinangwa kochepa amagwiranso ntchito. Sitani mopondereza, osayendetsa simbi uku ndi uku, mpaka paume. Ngati simbi ndi yamakala, yalani kansalu koyera pamwamba kuopa phulusa. Chikazizira masulani ulusi pang'ono, tulutsani katoni, kokaninso ulusi kuti chibwerere mwakale. Katoni ikayamba kufewa m'mphepete, dulani ina.

Pindani nsalu ya pansi kawiri kuti mupeze pakati, chigambanso chimodzimodzi koma mongotsina ndi zala, ndipo mizere ya mapindowo ikumane. Ulusi wa nsalu ziwirizi uyang'ane mbali imodzi. Gwirizani ndi misoko italiitali yodzasolola. Musagwiritse ntchito mapini, chifukwa amakola ulusi ndipo chigamba chimasuntha.

Ulusi wosokera ufanane ndi mtundu wa chigamba, osati nsalu ya pansi. Dulani masentimita 45 okha, wautali umapotana nkumanga mfundo. Singano ikhale yopyapyala, nambala 10 kapena 11. Bisani mfundo mkati mwa mpendero, tulutsani singano pa mpindo penipeni mutatola ulusi umodzi kapena uwiri wa nsalu, ilowetseni mu nsalu ya pansi pomwepo patsinde pa mpindo, yendani kunsi mamilimita 2 mpaka 3, nkutulukiranso pa mpindo. Mukalowetsa singano kutsogolo kwa pomwe yatulukira, msoko umapendeka ndi kuonekera. Kokani mongokwanira: mukakokesa, nsalu ya pansi imachita makwinya omwe simbi singawathetse.

Mukamaliza, sitani chafufumimba pa thaulo. Ngati mudzasokerera chofundacho pa manja, dulani nsalu ya pansi kuseri kwa chigamba kusiya mamilimita 6, kuti singano isamalimbane ndi nsalu ziwiri. Kenako dulani chidutswa chonse chikhale masentimita 21.2, mukuyeza 10.6 mbali zonse kuchokera pakati pa chigamba, osati kuchokera m'mphepete. Chofunda chikatha chichapeni, chifukwa sitachi yotsalira imaitana tizilombo todya nsalu.