Laputopu yafika: zoti mukonze tsiku loyamba isanakumalizireni bandulo

Malaputopu ambiri amene timagula kuno timangowatchula kuti atsopano, koma anagwirapo kale ntchito m'maofesi a ku UK kapena ku America, ena anadzera ku Dubai. Ma HP EliteBook, ma Dell Latitude ndi ma Lenovo ThinkPad amenewa ndi makina olimba ndithu, kungoti amabwera ndi timakhalidwe tina tomwe timabalalitsa mutu sabata yoyamba. Nthawi zambiri palibe chawonongeka, pamangofunika kusintha apa ndi apo.

Yambani ndi batire, ndipo ngati n'kotheka muchite izi musanachoke pa shopu. Tsegulani Command Prompt (ifufuzeni pa Start), lembani powercfg /batteryreport, kenako mutsegule fayilo imene yakuwonetsani. Pali manambala awiri: Design capacity, yomwe ndi mphamvu imene batire inali nayo ikuchoka ku fakitale, ndi Full charge capacity, mphamvu imene ikusunga lero. Yachiwiriyo ikakhala pafupi ndi theka la yoyamba, batireyo yatopa, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti imakhala maola anayi. Nenererani mtengo kapena akusinthireni. Pomwepo lowaninso mu BIOS, malo osinthira zoyambira za makina omwe mumalowamo podina batani laputopu ikungoyaka: pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10, pa ThinkPad ndi F1, muone ngati sikufunsa pasiwedi. Alipo malaputopu ena amene amabwera atakhomedwa ndi kampani yakale, ndipo wogulitsa wachinyengo sangakuuzeni. Ngati mukufuna Windows 11, purosesa ya Intel ikhale ya 8th gen kupita m'tsogolo, poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025.

Tsopano nkhani yaikulu, imene yaliza anthu ambiri: intaneti.

Musalumikize laputopu ku hotspot ya foni yanu musanakonzeke. Nthawi zambiri Windows imaganiza kuti Wi-Fi ndi yopanda malire, ndiye ikangomva intaneti imayamba kukoka ma update onse amene inaphonya miyezi imene inakhala m'katoni. Sikufunsani. Inu muli pa Facebook, iyo ikukoka magigabayiti kuseri, ndipo bandulo imene mumati ifika Lamlungu imatha nsima isanapse. Anthu amakalipira Airtel kapena TNM kuti awabera, chonsecho wakuba ali pamiyendo pawo.

Chitani chonchi. Zimitsani data pa foni, muyatse hotspot yokha, mulumikize laputopu. Ikhala yolumikizidwa koma yopanda intaneti, ndipo n'zomwe tikufuna. Pitani ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanu, muyatse Metered connection, batani louza Windows kuti data ya pamenepa ili ndi malire. Mukatero mpamene muyatse data pa foni.

Pamene ambiri amagwerapo mpakuti batani limeneli silikhala la laputopu yonse, ndi la netiweki imodzi imodzi. Mukasintha dzina la hotspot, mukalumikiza ku foni ya mkazi wanu kapena ku MiFi ya mnzanu, Windows imaiona ngati netiweki yachilendo ndipo imayambiranso kukoka. Choopsa kwambiri ndi chingwe. Mukalumikiza foni kudzera pa USB, laputopu imaitenga ngati Ethernet, osati Wi-Fi, ndiye muyenera kupita pa Ethernet n'kukayatsanso Metered connection kumeneko. Munthu amakhala ndi mtima m'malo kuti ndinatseka kale, pamene khomo lakumbuyo lili pululu.

Dziwaninso kuti Metered connection sitseka zonse. Ma update ena achitetezo amadutsabe. Choncho pitani ku Windows Update, muike Pause updates, pa Windows 11 imalola mpaka milungu isanu. Mu Advanced options muli Delivery Optimization, zimitsani polola kugawana ma update ndi makompyuta ena, kuopa kuti laputopu yanu ingamatumizire anthu osawadziwa mafayilo pa ndalama zanu. Mu Microsoft Store imitsaninso App updates. Kenako OneDrive, pulogalamu yosungira mafayilo pa intaneti: mukalowa ndi akaunti ya Microsoft, imakonda kuyamba kukweza zonse za mu Desktop, Documents ndi Pictures. Tangoganizani mwakopera zithunzi ndi mavidiyo a ukwati kuchokera pa fulashi n'kuziika pa Desktop. Dinani kachizindikiro ka mtambo pafupi ndi wotchi, Settings, Manage backup, muzimitse mafoda amene simukuwafuna kumwambako.

Sindikunena kuti musamaike ma update, ayi. Laputopu yosalandira ma update imagwidwa msanga ndi mavayirasi, makamaka kuno komwe fulashi imodzi imayenda m'makompyuta khumi. Ipatseni tsiku lake: kuntchito, kusukulu, kapena pa bandulo ya usiku ngati netiweki yanu ili nayo, itakhala pa chaja, muilole imalize n'kuyambiranso kangapo. Mukafuna kudziwa chimene chikudya data, pa Data usage imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi kuchuluka komwe yadya pa masiku 30 apitawa.

Kiyibodi nayo ili ndi zake. Mukadina Shift ndi 2 kufuna @ koma n'kutuluka chizindikiro china, ndiye kuti Windows yaikidwa pa UK pamene mabatani ndi a US. Yang'anani pa batani la 3: pakakhala £ ndi ya UK, pakakhala # ndi ya US. Konzani ku Time & language, Language & region, Language options, ndipo muchotse inayo, chifukwa kudina Windows ndi Space mwangozi kumaisinthanso. Amene mumalemba ŵ, sankhani United Kingdom Extended: AltGr (Alt ya kumanja) ndi 6, kenako w. Mu Word mungathenso kulemba 0175 n'kudina Alt ndi X.

Pa ma ThinkPad ambiri Fn ili pakona pomwe chala chinazolowera Ctrl, ndiye mumakopera koma osakopera kanthu. Mu BIOS, pa Config, Keyboard/Mouse, muli Fn and Ctrl Key swap. Ngati F2 kapena F5 ikuchepetsa mawu ndi kuwala m'malo mogwira ntchito yake, dinani Fn ndi Esc pa Dell ndi Lenovo.

Mukamalemba kenako mawu n'kudumphira pa mzere wina, ndi chikhatho chikukhudza touchpad. Pa Touchpad, pansi pa Taps, ikani Low sensitivity. Koma ngati kamuvi ka mausi kakunjenjemera pokhapokha chaja ili mkati, vuto ndi chaja. Ogulitsa ena amachotsa yoyambirira n'kuikamo yotchipa, yopepuka ngati mulibe kanthu. Werengani pamimba pake: HP ndi Dell zambiri ndi 19.5V, Lenovo ndi 20V, ndipo 65W imakwanira pa makina a mu ofesi amenewa. Dell imazindikira chaja yabodza kudzera pa kansonga kapakati, ikakayikira imakana kutchaja n'kuyamba kuyenda ngati kamba. Chingwe chikhale cha mapini atatu cholowa m'soketi zathu, osati chokankhira ndi chotsekera cha cholembera. Magetsi akathima zulani chaja kukhoma, poti amaotcha zinthu pobwera.

Zotsalazo n'zazing'ono. Ngati laputopu imakhalira pa magetsi, ikani malire otchajira pa 80 peresenti kudzera mu Lenovo Vantage, kapena mu BIOS pa Dell ndi HP. Ikatentha m'chikwama mutaitseka, sinthani kuti kutseka chivundikiro kuzikhala Hibernate, mu Power Options. Ikayamba kuchita zachilendo dinani Restart osati Shut down, chifukwa Shut down ya masiku ano simazimitsa zonse. Musaiike pa bulangeti, fani imapumira pansi. Ndipo ngati Device encryption ndi yoyatsa, pezani kiyi ya BitLocker, yotsegulira mafayilo anu akakhomedwa, ya manambala 48 mu akaunti yanu ya Microsoft, muilembe papepala musanapite nayo kwa wokonza aliyense.